Dziko Lobwereka

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinasenza dziko lonse lapansi pamutu, nkhata yake ya masamba a nthochi. Musaseke, n'zoona. Ndinali giredi 5 pa kasukulu kathu kofolera udzu kuseri kwa mapiri a ku Vubwi, Vubwi isanakhale boma. Kwathuko munthu ukaponya mwala chakum'mawa ukagwera ku Malawi, ukaponya chakumwera ukaphwanya mbuzi ya ku Mozambiki. Ine ndine Dailesi, ndipo masiku amenewo ndinali kamtsikana kouma miyendo, kolongolola, kosadziwa kukhala pansi. Aphunzitsi athu anali a Mwanza, bambo wamtali wa jekete limodzi labulauni, amene ankakonda Chingerezi monga ena amakondera nyama yamafuta.

Patatsala masabata awiri kuti titsekere temu yachiwiri, nyengo ya mphepo ija imene milomo imang'ambika, a Mwanza analowa m'kalasi atakumbatira dikishonale yawo yopanda chikuto, yomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Analemba pabolodi liwu limodzi lokha la Chingerezi, world, natifunsa tanthauzo lake. Tonse tinakuwa pamodzi kuti “Dziko!” mpaka fumbi kugwa kudenga, poti limeneli tinkalidziwa kuyambira kale. Iwo anangomwetulira, nanyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kutembenuza masamba. Ati liwu limeneli lili ndi abale ake ambiri, ndipo aliyense ali ndi khomo lake. Pali earth, ndilo dziko limene timaliponda ndi kulilima. Pali globe, dziko lomwelo ukaliona lonse lili lobulungira ngati dzungu. Pali universe, dziko pamodzi ndi dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zonse, mpaka kumene maso safika. Creation ndi zonse zimene Mulungu analenga, kuyambira njovu mpaka nsikidzi za m'mphasa zathu, ndipo mankind ndi anthu onse, Achewa, Ansenga, Amwenye ndi azungu omwe. Anawonjezera kuti mzungu amathanso kunena world ya alimi a fodya kapena world ya ana, kutanthauza zimene munthu amazidziwa ndi kukhalamo tsiku ndi tsiku. “Nkhuku ya kwanu,” anatero, “world yake imathera pankhokwe.”

Abale inu, tsiku limenelo tinapenga. Pa buleki palibe anakumbuka phada. Tinkathamangitsana bwalo lonse tikugendana ndi mawu atsopanowo ngati mango aawisi. Wina akapunthwa n'kugwa tinkati wapsompsona earth. Mbuzi ya ahedi, aphunzitsi aakulu a pasukulupo, itadutsa pakhonde tinaigwadira n'kuipatsa moni kuti creation, iyo n'kutiyankha ndithu. Mnzanga wa pamtima Enelesi, mtsikana wa masaya onenepa ndi chiseko chosagwirika, anakonda universe moti ankamutchula ponseponse, pachitsime, kunkhuni, ngakhale m'tchalitchi pakati pa pemphero, mpaka dzina linamukakamira. Lero ndi mayi wa ana asanu, amagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pamsika wa Katete, koma mukafunsa za a Enelesi palibe angakulozereni. Mufunse za a Yunivesi.

M'mawa mwake a Mwanza anatiuza chimene ankakonza. Tsiku lotsekera sukulu, makolo atasonkhana pansi pa mkuyu kudzamva zotsatira za mayeso, ana asanu adzaima kutsogolo, aliyense ndi liwu lake, n'kulifotokoza m'Chingerezi. Enelesi anamupatsa universe wake, poti akanapatsa wina pakanagwa maliro. Ine anandipatsa globe, ndipo langa linali lapamwamba kuposa onse chifukwa linali ndi chogwira m'manja. Ndinayenera kunyamula mpira wa dziko, uja wokhala ndi mapu a mayiko onse, kuuzunguza, kuuimitsa ndi chala pa Zambia, n'kunena mokweza kuti: “This is the globe. It goes round and round. We are here.” Mawu amenewa ndinawaloweza mpaka ndinkawanena posinja, posesa ndi posamba pomwe. Vuto linali limodzi: sukulu yathu inalibe mpira wa dziko. Tinkangoumvera mbiri kuti ulipo ku sukulu ya mishoni, mtunda wa maola awiri wapansi.

Tsono chimene chinkandidumphitsa mtima sichinali Chingerezi ayi, koma amayi. Amayi anga, a Naphiri, anali asanapondepo pabwalo la sukulu chibadwire. Ali mwana sanapite, poti ankalera ang'ono awo, ndipo atakula ankaopa kuti akafika kumeneko wina awapatsa cholembera kuti asayine anthu akuona. Tsiku lotsekera ankatuma amalume, iwo n'kulowera kudimba. Anzanga amayi awo ankabwera atavala zitenje zatsopano n'kuwaimbira nthungululu akakhoza, ine n'kumangoyang'ana amalume akusinza pabenchi. Zinkandiwawa, sindikubisirani. Koma nditawauza za globe, amayi anaika musi pansi, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Iwe Dailesi yemweyu, ukalankhule Chizungu pamaso pa anthu? Chimenecho ndiye ndikadzionere ndekha.” Ndinalumpha mtondo, ndinazungulira nyumba kawiri, ndipo pofika madzulo ndinali nditauza mudzi wonse, ndi agalu omwe, kuti Lachisanu lotsekera amayi akubwera kusukulu kudzandimva.

Lachitatu la sabata yomaliza a Mwanza anatipatsa kalata ine ndi Enelesi kuti tikabwereke mpirawo. Anasankha atsikana dala. Ati anyamata akauona auyesa wa miyendo, pomwe mtsikana amene amasenza ndowa yodzaza osataya dontho sangagwetse dziko. Popeza kwathu kunali pakati pa njira, anati ndikagone nawo kunyumba, ndibwere nawo m'mawa. Ku mishoni mphunzitsi wamkulu wa kumeneko anawerenga kalatayo kawiri, nayang'ana mapazi athu otuwa, nausa moyo, n'kukautsitsa pamwamba pa kabati. Ha! Unali waukulu ngati mtsuko, wokhala pa kamwendo kachitsulo, wopendekeka pang'ono ngati munthu womvetsera miseche. Nyanja zake zinali zabuluu, mayiko achikasu, ofiira ndi obiriwira, ndipo unkanunkha fumbi ndi choko. Unali wakale, wa katoni yolimba yomata pepala pamwamba, ndipo pakati pa Afirika panali bii, poti ana a zaka zambirimbiri ankaloza pomwepo ndi zala zawo zamafuta pofuna kwawo. Anatichenjeza kuti tisaugwetse, tisaukhalire, tisapatse mwana wamng'ono.

Ndinapota nkhata, Enelesi n'kunditwika. Ndinali nditalimbitsa khosi kuti lithyoka, koma dziko lonse linali lopepuka kuposa lichero la madeya! Tinaseka mpaka misozi tisanatuluke n'komwe pachipata. Ndinkayenda monyang'wa ngati mkwatibwi, Enelesi ali patsogolo akukuwa ngati kondakitala: “Patukani, patukani, dziko likudutsa!” Bambo wina wa njinga, atamanga matumba a shuga wochoka ku Malawi, anatembenuka kutiyang'ana mpaka njinga inakamulowetsa m'munda wa chinangwa. Mphepo ikawomba mpira unkazungulira wokha pamutu panga, kwii, kwii, ndipo popeza ine sindinkauona, Enelesi ndiye ankandiuza nkhani: “Tsopano Amereka ali pamphuno pako! Tsopano China ali kunkhongo!” Ana osavala ankatuluka m'midzi n'kumatitsatira, moti pofika pamtsinje tinali chigulu ngati tikuperekeza ukwati.

Pachitsime cha mudzi woyandikana ndi wathu ndiye ulendo unaima. Azimayi onse anasiya ndowa n'kutizinga, ife n'kutula mpirawo pa ndowa yozondotsa. Mayi wina wa ku Mozambiki, amene ankabwera kudzagulitsa nsomba zouma, anafuna aone kwawo. A Jeke, mdala wa ndodo amene anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni, anafuna aone njira imene anayenda wapansi miyezi iwiri ali mnyamata. Nditawaonetsa kuti ndi utali wa chala changa chimodzi anakwiya, ati wopanga chinthuchi sanachitepo matuza kumapazi. Tinafunafuna Vubwi mpaka maso kuwawa, osaipeza. Tauni ya Chipata yomwe panalibe. Koma ndinkati ndikaika chala pa Zambia, chikhadabo chinkakhudza Malawi, mbali inayi Mozambiki, anthu n'kuvomereza kuti apo pokha sananame, nanga si chigayo chathu chinali ku Malawi, nkhuni tinkatola ku Mozambiki. Enelesi atauzunguza mwamphamvu n'kulengeza kuti dziko limazungulira chonchi nthawi zonse, mayi wina anathamangira kukagwira ndowa yake kuti madzi angatayike, tonse n'kufa nalo phwete.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi analandira mpirawo ndi manja awiri, atapinda maondo, monga amalandirira mlendo wolemekezeka. Anazondotsa mtondo pakhonde, nayalapo chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuukhazika pamenepo, nkhuku zonse n'kuzithamangitsira kutali. Ndinawayesera mawu anga ndikuuzunguza, iwo akuwomba m'manja ngakhale sanatolepo kanthu. Kenaka anafunsa kuti kwathu ndi pati, ine n'kuloza pamalo pakuda paja. Anawerama, nayang'anitsitsa, nakandapo pang'ono ndi chikhadabo. “Mayiko a anzathu owala chonchi, kwathu kokha litsiro?” Ndinangoseka osaganiza kanthu. Ndinayenera kuganiza, chifukwa amayi ndinkawadziwa. Kwa iwo chobwereka sichibwezedwa chakuda. Mphika wa mnansi ukabwera ndi mwaye unkabwerera ukuwala ngati wa m'sitolo, ndipo mkati muli kanthu, kaya nsawa kaya mazira awiri. Mudzi wonse unkakonda kuwabwereka ziwiya a Naphiri pa chifukwa chimenecho.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachinayi mamawa ndinapita kuchitsime monga mwa masiku onse, ndikuimba round and round njira yonse. Pobwera, ndisanatule n'komwe ndowa, ndinamva kuseri kwa nyumba, kuthandala kumene tinkatsukira mbale, kaphokoso kodziwika: kwe, kwe, kwe. Amayi anali atatambalala pansi, dziko lili pamiyendo. Pambali panali beseni la madzi ndi kambale ka phulusa losakaniza ndi mchenga, ndipo m'dzanja anali ndi chitsononkho cha chimanga. Ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, mtima uli mbee. Ku mishoni anatiuza zambiri, koma zoti tisautsuke palibe anaziganiza. Atandiona anautembenuza monyadira kuti ndione ntchito. Mayo ine! Kuyambira ku Kongo mpaka kunsi kwa Joni kunali katoni yokhayokha, yoyera, yonyowa. Zambia kunalibe, Malawi kunalibe, Mozambiki anali atatsala kamchira kokha. Tizidutswa ta pepala tachikasu ndi tofiira tinkayandama m'beseni, ndipo kankhuku kena kanali katatola kale kachidutswa kamodzi, mwina Zimbabwe, kakuthawa nako kunkhokwe. “Litsiro lake linali lokakamira,” anatero amayi, “koma lachoka.”

Lero ndimaseka ndikamafotokoza, koma tsiku limenelo ndowa inagwa yokha pamutu. Ndinakuwa, ndinadzigwetsa pansi, ndinagubuduka m'matope a madzi anga omwe. Amayi anadabwa, nayamba kufunsa ngati chachokacho si utoto wa pamwamba chabe, ngati mayikowo sali mkati. Apa m'pamene pakamwa panga, pamene iwo ankati padzandipalamulira tsiku lina, pananena chimene ndimachita nacho manyazi mpaka pano. Ndinati, “Mwaononga zonse! Mungadziwe chiyani inu, munthu woti simunapite kusukulu!” Ndinafuna kuwameza mawuwo, koma madzi akatayika saoleka. Amayi sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anaika chitsononkho pansi pang'onopang'ono, nasamba m'manja m'beseni lomwe lija, napukuta mpirawo ndi nsonga ya chitenje, n'kundipatsa ndi manja awiri. “Tenga dziko lako, ungachedwe,” anatero, n'kunyamula khasu kupita kudimba osalawa kanthu.

Ndinaukulunga m'nsalu n'kupita kusukulu. A Mwanza anasonkhanitsa kalasi yonse pakhonde, naitana ndi ahedi omwe kuti adzaone chodabwitsa chochoka ku mishoni. Anamasula nsalu ija ngati akuvundukula keke ya ukwati. Choyamba kuoneka chinali Amereka, onse n'kuti eee! Kenaka anauzunguza. Enelesi ndiye anayamba, kaphwete kamodzi kotulukira m'mphuno, kalasi yonse n'kutsatira. A Mwanza anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka, ati akutsokomola. Koma ahedi sanaseke. Anali bambo wamfupi waukali, ndipo anali iwo amene anasayina kalata yobwerekera. Anafunsa kuti wachita izi ndani. Ndinati ndine, ndimafuna kuuyeretsa. Musandiyamikire kuti ndinateteza amayi, ayi ndithu. Ndinanama chifukwa ndinkachita manyazi kuti anzanga adziwe zoti amayi anga sasiyanitsa mapu ndi mphika. Ahedi anagamula pomwepo: Dailesi mawa sakaima kutsogolo, liwu lake atenge Enelesi, ndipo sukulu ikadzatsegulira adzatchetche udzu wonse wa kuseri kwa zimbudzi. Enelesi chiseko chinamuthera pamenepo.

Madzulo amayi anabwera kudimba ndi mtolo wa nkhwani, osandiyang'ana. Tinakhala pakhonde tikusadzula limodzi, pakumveka ndiwo zokha. Pomaliza ndinalephera kupirira, ndinafunsa ndi kamawu kakang'ono ngati mawa apitabe. “Kusukulu kumapita odziwa zinthu,” anayankha, maso ali palichero. Ndinati basi zilibe kanthu, ngakhale atabwera palibe chimene akamve, andichotsa. Manja awo anaima. Anafunsa kuti andichotseranji, poti wokwecha si ine. Ndinawauza kuti ndanena kuti ndine. Anandiyang'ana, kenaka anandituma kukatsekera nkhuku. Ndinakalirira kukhola komweko, nkhuku zikundidabwa.

Lachisanu ndinadzuka n'kupeza amayi kulibe. Khasu linalipo, koma dengu lalikulu panalibe, ndiye ndinati apita kumsika wa kumalire. Ndinapita kusukulu mozengereza, ndikukankha miyala, ndipo ndinapeza pansi pa mkuyu padzaza kale. Abambo anali pamabenchi, azimayi pamphasa, zitenje zatsopano zikununkha sitolo, makanda akulira, ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe ali pambali. Ndinakakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mayi wina wonenepa, kuti munthu asandione. Ndisanakhazikike n'komwe Enelesi anatulukira akuthamanga, ali wefuwefu, nandigwera pamsana. “Iwe! Amayi ako ali mu ofesi ya ahedi!”

Iye anali atamva zonse ataima pansi pa windo, poti Enelesi ndi miseche ndi pachibale. Ati amayi anafika makolo ena asanafike, atasenza dengu la nsawa, nagwada pakhomo la ofesi n'kuodira ngati afika kwa apongozi. “Aphunzitsi, wokwecha dziko lanu uja ndine. Kwathu chobwereka sitibweza chakuda, ndiye ndimati ndikuthandiza. Sindinadziwe kuti mayiko amachoka. Nsawazi mupatse eni ake, chinthu chawo chisabwerere chimanjamanja. Ngati pali udzu wotchetcha ndipatseni chikwakwa ndiyambe pompano, koma mwanayo alankhule, ndabwera kudzamumva.” Ati ahedi anafunsa kuti anakwecha ndi chiyani. Amayi atayankha kuti phulusa ndi chitsononkho, mchenga pang'ono chabe, ahedi amene sitinawaonepo mano chiyambire anagonera patebulo n'kuseka mpaka a Mwanza anawatungira madzi.

Chigamulo chija chinathera pomwepo, moti nthawi itakwana anandiitana dzina, ndipo tinaima asanu. Wa earth anaponda pansi mwamphamvu, wa creation anatambasula manja n'kumenya mnzake wa mankind pakhutu, Enelesi anakuwa universe wake mpaka khanda lina linadzidzimuka. Ine ndinali nditakumbatira mpira, dazi lake nditalibisa pamimba. A Mwanza anandinong'oneza kuti ndichite monga tinayeserera. “This is the globe,” ndinatero. “It goes round and round.” Ndinauzunguza, dazi lija n'kumatulukira, kubisala, kutulukira, kubisala, anthu n'kuyamba kugwirana pakamwa, poti nkhani inali itafika kale mudzi uliwonse. Ndinauimitsa, ndinaika chala pakati pa poyera paja, pamene ndinkaganiza kuti panali Zambia, ndipo ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse: “We are here!” A Jeke anaimirira kumbuyo akuloza ndi ndodo: “Eya! Kwathu ndiye kwayera tsopano!” Bwalo lonse linaphulika. Ndipo pakati pa chiseko chonsecho ndinamva nthungululu imene ndinkaidziwa, yakuthwa, yaitali, imene ndinkangoimva pa maukwati a anthu ena. Amayi anatuluka pakati pa anthu akuvina, nadzandipukuta thukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje monga amachitira kwa wovina bwino. Chimwemwe chimene ndinamva pamenepo sindinachimvenso, ngakhale tsiku la ukwati wanga, bambo a kunyumba andikhululukire.

Pobwerera kumudzi sitinayende, tinkangodumphadumpha. Amayi anali patsogolo ndi dengu lawo lopanda kanthu, ndipo aliyense wokumana naye ankamuimitsa kuti ndimubwerezere Chizungu changa, kaya wasenza nkhuni kaya akuthamangira kuchigayo. Ndinachinena kwa woweta ng'ombe, ndinachinena kwa agogo ena ogontha, ndinachinena mpaka mawu kusasa. Amayinso anayesa, ati laundi endi laundi, akuzungulira pakati pa njira mpaka chizungulire chinawakhazika pachulu. Za mawu anga a dzulo lake sanatchule, inenso ndinangoti laponda lamphawi.

Patchuthi a Mwanza anamata pepala la m'kope pa dazi lija ndi phala la chinangwa, najambulanso Afirika ndi makrayoni. Koma dzanja la munthu limakondera. Zambia anatuluka wamkulu kuposa Kongo, Malawi ananenepa, ndipo pakona panali kadontho kofiira kolembedwa kuti Vubwi. A ku mishoni analandira mpira wawo ndi nsawa zomwe, ndipo ndinamva kuti ana a kumeneko anaphunzira zaka zambiri pa Afirika wa a Mwanza. Udzu wa kuseri kwa zimbudzi unatchetchedwa ndi obwera mochedwa.

Masiku ano ndimakhala ku Sinda, ndimagulitsa mbewu ndi feteleza m'kasitolo ka m'mbali mwa msewu. Mwana wanga wamkazi wa giredi 6 atapatsidwa ntchito yonga yomweyi, anangotenga foni yanga, nadinadina, mawu ofanana ndi world n'kutuluka mndandanda wautali, ena oti a Mwanza ndi dikishonale yawo sanawalotepo. Anakopera asanu n'kupita kukasewera, osaseka, osadabwa. Dziko lonse amalizunguza ndi chala pagalasi, ndipo akalitambasula Vubwi imaoneka, msewu wake, ngakhale malata a sukulu yathu ija, imene tsopano ndi ya njerwa. N'zabwino, sindikukana, ndipo makolo ambiri amasayina okha osanjenjemera. Kungoti masiku ano palibe angasiye ndowa pachitsime kuti akaone dziko, poti aliyense ali nalo m'thumba.

Chimene sichinasunthe zaka zonsezi chinali mawu anga aja a kuthandala. Nkhani ya kukwecha Afirika amayi ankaifotokoza okha pa maukwati ndi pa maliro pomwe, anthu n'kumagubuduka, koma akafika pamene ine ndinabwera kuchitsime ankadumpha. Inenso ndinkangoizungulira. Chaka chatha pokolola ndinapita kumudzi, tinakhala awiri pamphasa tikutonola chimanga, iwo maso atayamba kuchita mdima koma zala zikadali zachangu kuposa zanga. Ndinaika chimanga pansi, ine mayi wa ana atatu, n'kunena kuti, “Amayi, mawu aja ndinakunenani tsiku la mpira wa dziko, mundikhululukire.” Ndinkaganiza kuti anena kuti anaiwala.

“Oti sindinapite kusukulu aja?” anatero osaleka kutonola. “Anandiwawa, mwanawe, ndinakalirira kudimba. Koma Lachinayi limenelo unanena zoona. Lachisanu lake ndinapita, mpaka mu ofesi ya ahedi, mmene iwe ndi Chizungu chako sunalowemo.” Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, kenaka anandikankhira dengu ndi phazi kuti ndileke ulesi, chimanga chikadali chambiri.